Duwa lachikasu la mumchenga wa Kalahari

Ndifotokozeko za chomera china chimene sichimera kwathu kuno, ngakhale abale ake tili nawo m'minda ndi m'tchire momwe. Dzina lake m'chilankhulo cha Setswana ndi morama, ndipo kwawo ndi kuchipululu cha Kalahari, makamaka ku Botswana ndi Namibia, komanso mbali zina za kumpoto kwa South Africa. Ine ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo ndi ulimi pa sekondale ina yoyendera ya kumudzi. Duwali ndidakaliona pa tchuthi cha Khirisimasi, nditapita kukazonda achimwene anga amene amakonza galimoto m'tauni ya Ghanzi ndipo adakwatira komweko.

Za ulendo sinditayapo nthawi yambiri. Ndidadzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka mpaka Livingstone, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula, womwe udatsegulidwa mu 2021 ndipo ndi wotalika mamita 923. Kale pamenepo ankawolokera pa pantoni, malole akumatha masiku ali pamzere. Kuchoka ku Kasane msewu umaloza kumwera kupita ku Nata kudutsa m'nkhalango za mitengo ya tsanya, njovu zikudya m'mphepete mwa tala ngati ng'ombe za kwa mfumu. Kenako Maun, kenako makilomita pafupifupi 280 kuti ufike ku Ghanzi. Pa chipata cha Kuke tonse tidatsika basi n'kuponda pa chiguduli chonyowa ndi mankhwala, nsapato za m'zikwama nazo kuzitulutsa. Amatero poteteza ziweto ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, pakuti ku Ghanzi ng'ombe ndiye fodya wawo.

Tikamva mawu oti chipululu, ambiri timaganiza za milu ya mchenga ya ku Sahara ija ya m'mabuku, popanda ngakhale kaudzu. Kalahari sali choncho. Muli udzu, zitsamba ndi mitengo yaminga, ndipo nthawi ya dzinja mumabiriwira mpaka munthu n'kufunsa kuti chipululucho chili pati. Ku Ghanzi mvula imagwa mamilimita pafupifupi 400 pa chaka, lomwe ndi theka la imene imagwa ku Lilongwe. Imeneyo si mvula yoti n'kuinyoza. Vuto ndi nthaka. Ndi mchenga wokhawokha, wofiirira kwina, wotuwa kwina, wozama mamita ambirimbiri, ndipo mvula ikagwa m'mawa, pofika masana pansi pauma ngati sipadagwe kanthu. Mutha kuyenda tsiku lonse pa galimoto osawoloka mtsinje wamadzi, osaona dambo kapena chitsime chokumba ndi manja. Dzina loti Kalahari lidachokera ku mawu a Setswana onena za ludzu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 900,000, kutanthauza kuti dziko la Malawi lingalowemo kasanu ndi kawiri malo n'kutsalabe. Mu Disembala kumatentha mpaka madigiri 40, pomwe usiku wa mu Juni ndi Julayi madzi amatha kuuma m'ndowa ndi kuzizira. N'zosadabwitsa kuti ndalama ya ku Botswana adaitcha pula, kutanthauza mvula.

Tauni ya Ghanzi idakhazikika pamenepo chifukwa pansi pake pali mtandadza wa miyala ya laimu umene umasunga madzi pafupi, moti mijigo simavuta kukumba. Ukangotuluka pa mtandadzawo, wabwerera mumchenga. Kumeneko ndi kumene tidapita tsiku lina Loweruka, ine, alamu anga ndi gogo wina wa mtundu wa San, amene ku Botswana amatchedwa Basarwa. Gogoyo amadziwana ndi banja la alamu kuyambira kale, ndipo alamuwo ndi amene ankatimasulira, pakuti Chichewa adachigwira ndithu, kungoti amachikoka pang'ono.

Mvula inali itagwa sabata ziwiri m'mbuyomo, ndipo m'mbali mwa msewu munali mbuu maluwa achikasu. Apa ndi pomwe pali ntchito, chifukwa zomera zoyanga pansi za maluwa achikasu si chimodzi kumeneko. Munthu wongoyang'ana ali m'galimoto anganene kuti zonse ndi zofanana. Alamu adaloza zoyamba zimene zidayala ngati mphasa pamalo popondedwapondedwa ndi ng'ombe, n'kunena kuti, "Alamu, izo musavule nsapato pafupi nazo." Ndi chomera chimene akatswiri amachitcha Tribulus. Duwa lake ndi lokongola, la timasamba tisanu tofanana ndendende, masamba ake ndi ang'onoang'ono ondandalikana awiriawiri, koma chipatso chake ndi kambulu ka minga yolimba kamene kamaboola ngakhale tayala la njinga. Chachiwiri chinali vwende la kutchire, limene kumeneko amati tsamma. Ilo silivuta kwa munthu woleredwa kumudzi: tsamba lake ndi lokhakhala, long'ambikang'ambika, ndipo duwa lake ndi logwirana kumunsi monga la nkhaka kapena dzungu. Zonse ziwirizi si za banja la nyemba.

Morama tidamupeza titasiya msewu n'kuyenda pansi mwina mphindi makumi awiri, pamalo poyera, pa mchenga wofewa wolowa mapazi, pakati pa udzu wapatalipatali ndi zitsamba zofika m'chiuno. Gogo adaima n'kuloza ndi ndodo yake, osalankhula. Chimene chidandigwira maso poyamba si duwa koma tsamba. Aliyense amene adadyetsako mbuzi kapena kutola nkhuni amaudziwa mtengo wa chitimbe ndi tsamba lake logawikana pawiri ngati phazi la ng'ombe. Tsamba la morama lili chomwecho, kungoti ndi locheperapo, losalala, lobiriwira motuwira, ndipo mng'alu wake ndi wozama kupitirira pakati pa tsamba, moti ukaliona patali umayesa ndi masamba awiri olumikizana. Dzuwa likakwera mbali ziwirizo zimapindikira pamodzi ngati buku lotsekedwa, ndipo potero tsambalo limachepetsa malo owombedwa ndi dzuwa. Tidafika cha m'ma 8 koloko masamba ali otambasuka. Pofika 11 koloko ambiri anali atatseka.

Chomerachi sichiimirira. Mitsitsi yake imachokera pamalo amodzi n'kuyanga mbali zonse pamwamba pa mchenga, ina mamita atatu, ina kupitirira apo, ndipo ili ndi tizingwe topotana ta nthambi ziwiri tokolera pa udzu. Maluwa amatuluka pa kamtengo kawokawo, angapo pa kamtengo kamodzi, oyamba kumasula ali m'munsi. Ndi achikasu chowala, ndipo akamakalamba amayamba kufiirira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidagwada pamchengapo ndi kagalasi kanga kokuzira zinthu, kamene ndimagwiritsa ntchito m'kalasi, n'kuyamba kuwerenga. Duwa la nandolo, khobwe kapena nsawawa lili ndi kamangidwe kamene mwana wa Fomu 1 aliyense amajambula: kasamba kamodzi kakakulu pamwamba koima ngati mbendera, tiwiri m'mbali ngati mapiko, ndi tiwiri ta pansi togwirana ngati bwato, m'mene mumabisala ziwalo zoberekera. Duwa la morama silidamangidwe chotero. Ndi lotseguka, lopanda bwato. Lili ndi timasamba tisanu, tinayi tokulirapo tamakwinya m'mphepete, ndi kamodzi ka pamwamba kocheperapo. Pakati pali tinthambo tiwiri tokha tokhala ndi mungu weniweni, tinzake tili tating'ono topanda ntchito yobereka. Munthu amene adangoloweza kuti duwa la nyemba ndi mbendera, mapiko ndi bwato akhoza kulumbira kuti ichi si cha banja limenelo.

Mlandu umathera pa khoko. Titafufuza pansi pa masamba tidapeza makoko aawisi, aphwatalala, ofanana ndi chikhatho cha mwana, otalika masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Khoko la banja la nyemba lili ndi chipinda chimodzi, lili ndi misoko iwiri, ndipo njere zimamatirira ku msoko umodzi wokha. Kaya ndi chitheba cha m'dimba, kaya ndi bwemba, kaya ndi chikhoko cha chitimbe, lamulo ndi lomwelo. Khoko la morama limatsata lamuloli ndendende. Limakhala ndi njere imodzi kapena ziwiri nthawi zambiri, zazikulu ngati chala chamanthu, ndipo likakhwima limauma gwa ngati thabwa, n'kuphulika, njere zofiirira moderako n'kumwazikira pamchenga.

Banja limeneli ndi lalikulu kuposa mmene timaganizira. Lili ndi mitundu yoposa 19,000 padziko lonse, ndipo ndi lachitatu pa kukula mwa mabanja onse a zomera za maluwa. Muli soya ndi mtedza, muli nzama ndi mphodza, komanso muli msangu, mlombwa, tsanya ndi mitengo ya mthethe. Lili ndi nthambi zingapo, ndipo duwa la mbendera ndi bwato ndi la nthambi imodzi yokha, ngakhale ndiyo yaikulu. Morama ndi chitimbe ali pa nthambi ina, ya masamba ogawikana pawiri. Mzungu woyamba kumulemba m'mabuku a sayansi anali William Burchell wa ku England, amene adayenda kumwera kwa Africa pakati pa 1810 ndi 1815, ndipo adamutcha Bauhinia esculenta. Dzina loti Bauhinia limakumbukira abale awiri a ku Switzerland, Jean ndi Gaspard Bauhin, amene onse anali akatswiri a zomera. Tsamba la mbali ziwiri lija lidaoneka loyenera anthu awiri a bere limodzi. Pambuyo pake akatswiri adamusamutsira ku gulu lina, ndipo lero amalembedwa kuti Tylosema esculentum. Mawu achiwiriwo ndi a Chilatini, kutanthauza chodyedwa. Anthu a ku Kalahari anali atadziwa zimenezo zaka zikwi zambiri Burchell asanabadwe.

Ndiyenera kuchenjezapo apa, chifukwa ana akamva kuti chomera ndi cha banja la nyemba amayesa ndiye kuti n'chakudya. Safunsa adadya phula. Mwavi, umene makolo athu ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti, ndi wa banja lomweli. Ombwe wophera nsomba ndi wa banja lomweli. Chitedze nacho ndi mbale weniweni wa kalongonda, ndipo kalongondayo mumadziwa nokha kuti akapanda kuphikidwa mokwanira amazunguza mutu banja lonse. Kudziwa banja la chomera ndi poyambira chabe. Pamafunika kufika pa dzina lake lenileni, ndipo pamenepo tsamba, duwa, khoko ndi malo amene chamera ziyenera kugwirizana zonse. Ku Kalahari nkhaniyi si ya mayeso a kusukulu ayi. Kuli kachitsamba kena kotchedwa mogau, komwe si ka banja la nyemba, kamene kamaphukira msanga udzu usanamere, ndipo ng'ombe ikadya masamba ake ochepa chabe imagwa n'kufa. M'busa amene sazindikira masamba amabwerera kumudzi ndi chikoti chokha.

Chimene chimachititsa morama kukhala moyo pamalo otere sichioneka pamwamba. Gogo adatiyendetsa kudutsa zomera zikuluzikulu zingapo osazikhudza, mpaka adapeza kamodzi ka mitsitsi iwiri yifupiyifupi. Adakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kukumba ndi ndodo yosongola, mchenga akukankha ndi dzanja. Atafika pakuya ngati mkono adatulutsa chimuzu chonga mbatata yaikulu, cha khungu lofiirira. Ndidapempha alamu kuti andifunsire: "Agogo, bwanji mwasiya zazikulu zija n'kusankha kakang'onoka?" Adaseka, n'kuyankha kuti zazikuluzo ndi nkhalamba zinzake, zolimba, zaulusi ndi zowawa, ndipo ntchito yawo ndi kubereka njere. Chodyedwa ndi chaching'ono, cha chaka chimodzi kapena ziwiri. Atatha adakwirira dzenje lija bwinobwino.

Chimuzucho ndi nkhokwe ndiponso ndi mtsuko. Chikakhala chanthete, magawo pafupifupi 90 pa 100 aliwonse ndi madzi, ndipo alenje ankachifinya kuti aphe ludzu. Chimakula chaka ndi chaka. Ku Botswana komweko ofufuza adakumbapo china cholemera makilogalamu 277, kuposa matumba asanu a chimanga. Chisanu chikafika mu Meyi ndi Juni mitsitsi yonse ya pamwamba imauma, chomera n'kugona pansi pa mchenga pomwe kuzizira, moto wa tchire ndi kamwa la ng'ombe sizifika. Kukayamba kufunda chimaphukanso ndi mphamvu ya m'nkhokwe ija. N'chifukwa chake mchenga wozama, umene kwa mlimi wa chimanga ndi tsoka, kwa morama ndi mwayi: chimuzu chimakula momasuka popanda chochipanikiza, ndipo madzi sadikha n'kuchiwoletsa. Pa dothi lamakande la kudambo sichingakhalitse. Sichikondanso mthunzi. Pansi pa mitengo yaminga ikuluikulu, imene kumeneko amati mogotlho, sitidapezepo ngakhale chimodzi. Zonse zinali pamtetete.

Madzulo tidaotcha chimuzu chija m'phulusa. Chimatsekemera pang'ono, n'chamadzimadzi, chapakati pa mbatata ndi mzimbe wosakhwima. Sindinganame kuti ndingasiye chinangwa chifukwa cha icho. Koma njere ndi nkhani ina. Mu Disembala zinali zisanakhwime, choncho alamu adatulutsa zimene adasunga m'chitini kuchokera m'nyengo yapita. Amazikazinga mumchenga wotentha wosakaniza ndi phulusa kuti zisaphulike, kenako amaswa chikhokhombe chake ndi mwala. Mkati mwake ndi moyera mwa mkaka, ndipo kakomedwe kake kali pafupi ndi mbibu wokazinga. Zaziwisi sizidyedwa: ndi zoterera, zopanda kukoma, ndipo zili ndi zinthu zina zolepheretsa thupi kugaya zakudya zomanga thupi, zimene zimatha ndi moto, monga mmene zilili ndi soya. Achimwene adati, "Iwe, idya pang'onopang'ono, zimenezi zimakhutitsa mochedwa." Ankanena zoona. Njerezi zili ndi zomanga thupi zoposa magawo 30 pa 100, pafupifupi ngati soya, ndipo mafuta ake amayandikira a mtedza. Ena amazisinja n'kuphika phala, ena amapanga chakumwa.

Munthu wophunzitsa ulimi akamva ziwerengero zotere mtima umadumpha. Nyemba yopirira chilala, yomera pa mchenga, ya mafuta ndi zomanga thupi zambiri chonchi, bwanji osaidzala ku Nsanje kapena ku Chikwawa? Funsoli si lachilendo. Bungwe la National Academy of Sciences la ku America lidamutchula morama mu 1979 pakati pa mbewu za mtundu wa nyemba zoyenera kuziganizira m'tsogolo, ndipo mu 2006 adalembedwanso m'buku la Lost Crops of Africa. Ayesapo kumudzala m'maiko ena kunja kwa Africa, ndipo masukulu a ukachenjede a ku Namibia ndi Botswana akhala akumufufuza. Komabe patha zaka zoposa makumi anayi chiyambire kumutamanda, ndipo pafupifupi morama yense amene amadyedwa lero ndi wotola kutchire.

Zifukwa zake ndidaziona ndi maso pa mchenga paja. Choyamba, ndi wochedwa. Njere ili ndi chikopa cholimba chimene chimachedwetsa kumera, ndipo ikamera chomera chimayamba chamanga nkhokwe yake ya pansi. Njere zimadzabwera patapita zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mlimi wa ekala imodzi sangadikire motero. Chinanso, maluwa amachuluka koma makoko ndi ochepa. Pa chomera china ndidawerenga timitengo ta maluwa toposa makumi awiri, makoko asanu okha. Ndipo apa pali chinsinsi chimene chidandisangalatsa kuposa zonse. Maluwa a morama ali mitundu iwiri. Pa chomera china kanthambo kolandira mungu ndi kakatali, tinthambo ta mungu tili tatifupi. Pa chomera china zili mosemphana. Kuti njere zigwire bwino, njuchi kapena tizilombo tina tiyenera kutenga mungu ku mtundu umodzi n'kukautula ku mtundu winawo. Zimenezi n'zosowa kwambiri m'banja la nyemba, limene mbewu zake zambiri za m'munda, monga soya ndi mtedza, zimadzibereketsa zokha duwa lisanatseguke n'komwe. Ndidayenda chomera ndi chomera ndi kagalasi kanga, ndipo mitundu iwiriyo ndidaipezadi, motalikirana mapazi makumi atatu. Tanthauzo lake n'lakuti morama mmodzi payekha, ngakhale akule bwanji, ndi wosabereka kwenikweni. Amafuna mnzake wa mtundu winawo pafupi, ndi njuchi zoyenda pakati pawo.

Palinso china chimene alangizi ndi aphunzitsi anzanga ayenera kuchidziwa. Ana athu amaloweza kuti mbewu za mtundu wa nyemba zimawonjezera chonde m'nthaka kudzera m'tizotupa ta ku mizu, mmene mumakhala mabakiteriya okoka nayitirojeni mumpweya. Pa nandolo, soya, mtedza ndi msangu zimenezo n'zoona. Morama alibe tizotupa timeneto, ndipo sakoka nayitirojeni mumpweya. Chitimbe nachonso chilibe. Morama amangotolera pang'onopang'ono nayitirojeni wochepa amene ali mumchengamo n'kumusunga m'chimuzu chake mpaka nthawi yodzaza njere. Choncho amene angamudzale poganiza kuti akonza nthaka yoguga adzakhumudwa.

Maganizo anga ndi akuti morama ndi chuma cha ku Kalahari, ndipo ntchito yomuweta kuti akhale mbewu ya m'munda ndi ya ofufuza a kumeneko, amene ali ndi mchenga wake ndi anthu omudziwa. Ife tili ndi nzama, khobwe ndi nandolo, zopirira ng'amba, zocha m'chaka chomwecho, zokonzanso nthaka, zimene tikuzisiya chifukwa chothamangira chimanga chokha. Achimwene adafuna kundipatsa njere zaziwisi zoti ndikayese kuseri kwa nyumba, koma mbewu siiwoloka malire a dziko popanda chilolezo cha a zaulimi, ndipo malire ake anali awiri. Ndidanyamula zokazinga.

Ngakhale kwawo komweko morama sali pamtendere. Dera la Ghanzi lidagawidwa m'mafamu a ng'ombe kuyambira pomwe Mabunu adafika kumeneko cha m'ma 1898, ndipo lero waya wa minga watambalala mbali zonse. Ng'ombe ndi mbuzi zimadya mitsitsi ya morama, ndipo pafupi ndi mijigo, pomwe ziweto zimasonkhana, tidangopeza Tribulus yekha uja wa minga. Njere zayambanso kugulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa msewu, choncho otola ena amasesa zonse osasiyako zoti zimere. Gogo adati ali mtsikana ankatola kuseri kwa mudzi, koma tsopano amafunika kupempha galimoto, ndiponso kupempha chilolezo kwa mwini famu kuti alowe pamalo pomwe amayi ake ankatola popanda wowafunsa. Nkhani ya malo a anthu a San ndi yaitali. Nkhalango yotetezedwa ya Central Kalahari, imene idakhazikitsidwa mu 1961, inali mudzi wa ambiri a iwo. Boma lidawasamutsamo mu 1997 ndi 2002, ndipo mu Disembala 2006 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti kuwachotsako kunali kosemphana ndi malamulo. Ine ndinali mlendo wa sabata ziwiri, ndipo za ndale za eni dziko sindilowererapo. Chimene ndidaona n'chakuti luso losiyanitsa chomera chodyedwa ndi chosiyira mbewu lili m'mutu mwa anthu okalamba, pomwe adzukulu awo ali kusukulu zogonera komweko, kutali ndi mchengawo.

Kwa owerenga amene sangafike ku Botswana, mbale wake wapafupi wa morama ali kuno. Amatchedwa Tylosema fassoglense, ndipo amamera m'tchire la maiko ambiri kuyambira ku Sudan mpaka ku South Africa, kuphatikizapo Malawi. Naye ali ndi maluwa achikasu, tizingwe tokolera ndi chimuzu chachikulu pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti amakonda madera a mvula yochulukirapo, amatha kukwera pa zitsamba ndi mitengo m'malo mongoyanga pansi, masamba ake ndi aakulu ndipo mng'alu wake ndi wosazama, makoko akenso ndi otalikirapo. Mukaona chomera choyanga cha tsamba ngati la chitimbe ndi maluwa achikasu nthawi ya dzinja, imani muwerenge timasamba ta duwa, muone tinthambo tiwiri ta mungu, mufufuze khoko, kenako mufunse akuluakulu a m'mudzimo dzina lake ndi ntchito yake musanalawe chilichonse.

Amene mungakhale ndi mwayi wopita ku Kalahari, nthawi ndiyo ikuluikulu. Maluwa amaoneka kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo makoko amakhwima dzinja likamatha. Pitani m'mawa masamba asanatseke, valani nsapato zotseka chifukwa cha minga ndi zinkhanira, tengani madzi okwanira, ndipo musasiye msewu popanda mwini dera, pakuti m'tchire lopanda phiri kapena mtsinje mbali zonse zimafanana. Mukapita pa tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti mudzapeza mchenga ndi udzu wouma basi. Nthawi imeneyo gogo uja amazindikira pamene pali morama poona timitsitsi touma tokwiririka theka ndi zibalobalo za makoko ophulika, ndipo amatha kunena kukula kwa chimuzu chimene chili pansi pongoona kunenepa kwa tsinde pomwe latulukira mumchenga.